Dontho lofiira pansi pa galimoto yanga

Kwa miyezi inayi ndinkayenda ndi botolo la oyilo kuseri kwa mpando. M'mawa uliwonse ndisanalize injini ndinkatsegula boneti, n'kuchotsa chivindikiro cha kathanki ka power steering, makina omwe amapepukitsa chiwongolero, n'kuthira mpaka oyilo afike pamzere. Manja anazolowera moti ankangochita okha mutu uli kwina. Pamalo omwe ndimaimika galimoto panali banga lozungulira lomwe linkakula sabata ndi sabata. Ukaliona patali linali lakuda, koma ukaligunda ndi chala n'kupaka papepala loyera, linkaoneka lofiira.

Kudonthako pakokha sikunandidabwitse, galimoto yangayi ndi yakale. Chomwe chimandibwererabe m'mutu n'chakuti ndinagula pampu yatsopano n'kumangitsa, pomwe yakaleyo inalibe mlandu. Ndipo ndinatsala pang'ono kugulanso steering rack yathunthu, chitsulo chomwe chimakankha matayala akutsogolo ukakhotetsa chiwongolero, nayonso yosalakwa.

## Kulira kwa m'mawa

Zinayamba ndi phokoso. Ndikamatuluka chobwerera m'mbuyo n'kukhotetsa chiwongolero, kutsogolo kunkamveka kubuula kwinakwake, ndipo ndikaponda moto kunkakwera. Injini ikatentha kunkachepako. Kenako tsiku lina ndikuimika pamalo opanikiza, chiwongolero chinauma mwadzidzidzi, n'kufewa, n'kuumanso. Nditatsegula kathanki ndinapeza oyilo ali pansi penipeni, atachita thovu ngati sopo.

Thovulo ndi mpweya. Oyilo akachepa, pampu imakoka mpweya pamodzi ndi oyilo wotsalayo, ndipo mpweya umafinyika pomwe oyilo safinyika. N'chifukwa chake mphamvu imabwera modukizadukiza, pampu n'kumalira. Izi ndikuzidziwa tsopano. Nthawi imeneyo ndinangoti poti chikulira ndi pampu, chafa ndi pampu.

Makaniko woyamba anagwirizana nane. Anaunika ndi tochi, anaona pampu itanyowa yonse ndi oyilo, anamvetsera kulirako, n'kunena kuti yatha. Sindimuimba mlandu kwambiri, pajatu ndinafika kwa iye yankho lili kale pakamwa. Tinamanga yatsopano. Masiku atatu kunali zii. Tsiku lachinayi pansi panaoneka dontho, ndipo sabata isanathe kubuula kuja kunabwerera.

Wachiwiri analowa kunsi. Kumapeto konse kuwiri kwa rack kumakhala timatumba ta labala tamakwinya, toteteza fumbi ndi madzi kuti zisalowe. Anapeza kamodzi kakudontha, anatuluka akupukuta manja n'kuti, "Bwana, apa ndi rack. Ma seal am'kati atha." Ma seal ndi timphete ta labala totseka kuti oyilo asatuluke. Pa zida zonse za chiwongolero, rack ndiyo yodula kwambiri, ndipo ikamangidwa pamafunikanso kukapangitsa alayimenti ya matayala. Ndinati ndikaganize kaye. Kuganizako n'kumene kunasanduka miyezi inayi ya botolo kuseri kwa mpando.

## Malume anayamba ndi ndowa

Malume anga anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri asanapume. Loweruka lina atabwera kudzacheza, maso awo anagwera pabanga lija asanakhale n'komwe pansi.

"Mphwanga, galimoto yakoyi ikutaya magazi."

Ndinawafotokozera zonse, za pampu, za rack, za botolo. Anamvetsera osandidula. Kenako anatsegula boneti, anawerenga zolembedwa pachivindikiro cha kathanki, anatapa kadontho n'kukafikisa pakati pa zala, anakanunkhiza, n'kukayang'ana padzuwa.

"Sanapse ameneyu. Tizitsulo mulibenso."

Anati pampu ikamadyeka m'kati, oyilo amada, amanunkha kupsa, ndipo padzuwa amanyezimira ndi tizidutswa ta chitsulo. Atatero anandifunsa funso lomwe sindinaliyembekezere.

"Amakaniko awiri onsewo anatsuka asanayang'ane?"

"Kutsuka chiyani, malume?"

"Ndiye kuti sanayang'ane. Katenge ndowa, burashi ndi nsanza."

Injini inali yozizira. Tinaphimba alternator, chida chomwe chimatchaja batire, ndi pepala la pulasitiki kuti madzi asalowemo, tinapopera mankhwala ochotsa mafuta paliponse pomwe panali pakuda, n'kuyamba kukwecha. Zinatitengera pafupifupi ola lathunthu. Oyilo wa miyezi inayi anali atasakanikirana ndi fumbi n'kusanduka matope omata, okuta pampu, mapaipi, rack ndi chitsulo chopingasa cha kunsi kwa injini. M'matope ngati amenewo chilichonse chimaoneka kuti chikuchucha.

Tikukwecha choncho, malume ankalondola njira ya oyilo ndi chala. Amachoka m'kathanki kudzera m'paipi yonenepa yofewa, n'kulowa m'pampu yomwe imazunguzidwa ndi lamba wa injini. Pampu imamukankhira m'paipi yolimba yopita ku rack. Kumeneko kuli valavu yomwe imamva mbali imene dalaivala akukhotetsera, n'kutumiza oyilo mbali imodzi ya pisitoni kuti athandize kukankha matayala. Akamaliza ntchito amabwerera ku kathanki kudzera m'paipi ina yopanda mphamvu, yongomangidwa ndi makilampu. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Chrysler Imperial ya 1951 inagulitsidwa ili nayo kale, ndipo mfundo yake ikadali yomweyo: pampu, mapaipi ndi oyilo wopanikizidwa.

"Paipi yolimbayi usamayione ngati paipi wamba," anatero akuigogoda ndi sipanala. "Tayala umalipopa 2 bar kapena kupitirirapo pang'ono. Umu, ukakhotetsa mpaka kumapeto, m'magalimoto ambiri mumafika 70 mpaka 100 bar."

Bar ndi muyeso wa mphamvu ya kupanikizika. Ndinayang'ana paipiyo mwatsopano. Inali labala wakuda wokhuthala, ndipo kumapeto konse kuwiri labalayo analowa m'chitsulo chomwe chinafinyidwa ndi makina kufakitale.

## Kathumba kouma

Titamaliza tinasiya kuti paume. Kenako tinakweza kutsogolo ndi jeke, n'kuika zochirikizira zachitsulo mbali zonse ziwiri, matayala akumbuyo titawatchinga. Malume salowa kunsi kwa galimoto yomwe yangodalira jeke, ndipo sanandilole nanenso.

Anayambira pa kathumba kaja komwe makaniko wachiwiri anakaloza. Anakafinya ndi dzanja. Munalibe kulemera, simunamveke chilichonse chokhuthuka. Anamasula kilampu yaing'ono ya kumapeto, anakokera labalayo m'mbuyo, n'kundiuza ndiunike.

M'kati munali girisi pang'ono basi. Oyilo wofiira munalibe ngakhale dontho.

"Waona? Timatumba timeneti sitisunga oyilo. Seal ya rack ikatha, oyilo amadzaza muno, ukamasula kilampu amakhuthukira m'manja. Aka kanyowa kunja kokha. Oyiloyo akuchokera kumtunda, apa akungodutsa."

Ndinakhala chete ndili chigonere pansi pamenepo. Ndinkaganiza za rack yomwe ndinali nditayamba kale kuisungira ndalama.

## Mzere pa pawuda

Apa m'pamene malume anandituma chinthu chomwe chinandidabwitsa: pawuda wa ana. Anati amakaniko ena amathira utoto wapadera mu oyilo n'kuunika ndi nyali ya UV, ndipo njirayo ndi yabwino, koma pamalo otsukidwa bwino pawuda amakwanira.

Anawaza paliponse pomwe oyilo angatulukire, akunditchulira malo amodziamodzi. Kuseri kwa pule ya pampu, kagudumu komwe lamba amazunguza, kuli seal, ndipo ikatha oyilo amamwazidwa ndi pule n'kujambula mzere kunsi kwa boneti. Pomwe paipi yonenepa imalowera m'pampu, magalimoto ambiri amakhala ndi O-ring, ndipo kamphete kameneka kakauma kamatha kulowetsa mpweya osadontha n'komwe, pampu n'kumalira kathanki kali kodzaza. Anawazanso pa makilampu a paipi yobwerera, pomwe labala amauma n'kung'aluka, pa timapaipi tachitsulo ta pa rack tomwe timadyeka ndi dzimbiri, ndi pamwamba pa rack pomwe ndodo ya chiwongolero imalowera. Pomaliza anawaza kumapeto konse kuwiri kwa paipi yolimba ija. Injini yonse inachita mbuu.

Tinatsitsa galimoto kuti matayala agunde pansi, chifukwa ali m'mwamba chiwongolero chimapepuka ndipo pampu sivutika kwenikweni. Tinadzaza kathanki mpaka pamzere wolembedwa COLD.

"Lowa ulize. Ukhotetse pang'onopang'ono kumanja mpaka kumapeto, uwerenge mpaka 3, usiye. Usagwiritse nthawi yaitali, oyilo amatentha ndipo pampu imapweteka."

Ndinachita momwemo. Kumanja, kumanzere, kumanjanso. Malume anali atawerama ndi tochi, manja onse kutali ndi lamba. Ulendo wachitatu anakweza dzanja.

"Isiye ikulira, bwera udzaone."

Iwo analowa m'galimoto, ine n'kutenga tochi. Pampu inali yoyera ndi pawuda wake. Kathanki koyera. Makilampu oyera. Atakhotetsa mpaka kumapeto, injini inasintha kamvekedwe, paipi yolimba ija inagwedezeka pang'ono ngati msempha, ndipo pamalire penipeni pomwe labala amalowera m'chitsulo chofinyidwa, chakumtunda pafupi ndi pampu, pawuda anayamba kuda. Poyamba kanali kadontho ngati mutu wa machesi. Kanakula, kanatsetsereka, n'kuyamba kuyenda chotsika motsatira paipiyo, kakusiya kamzere kofiira pa pawuda woyera. Atasiya chiwongolero, kanaima. Atakhotetsanso, kanapitiriza ulendo.

Ndinakalondola ndi tochi. Kanatsika ndi paipi, kanafika pa kachitsulo komangirira paipiyo, kanadumphira pa chitsulo chopingasa cha kunsi, ndipo njira yake inkalunjika pa kathumba kaja ka rack. Kuchokera pomwe kanatulukira kufika pomwe kankadonthera panali mtunda wotalika ngati mkono wanga. Ndinamvetsanso za pampu yonyowa ija. Malo ochuchawo anali pafupi nayo kwambiri, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo inkamwazira oyiloyo pa pampu. Makaniko woyamba atamanga pampu yatsopano anabwezera paipi yomweyo.

Mosaganiza ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze pamalopo, ndimve ngati pali pong'ambika. Malume anandiona kudzera pampata wa boneti, anazimitsa injini nthawi yomweyo.

"Chotsa dzanja! Usadzayerekezenso."

Sindinawamvepo akundikalipira choncho chikhalire. Atatsika anandifotokozera modekha. Oyilo wopanikizidwa akamatuluka pa kabowo kakang'ono amatha kuboola khungu n'kulowa m'mnofu. Kunja kumangooneka kabala ngati kobayidwa ndi singano, koma m'kati mnofu umawonongeka, ndipo munthu amafunika kuthamangira naye kuchipatala. Pofufuza pochucha injini ikulira, amagwiritsa ntchito maso, tochi, kapena kachidutswa ka katoni. Zala ayi.

## Zomwe botolo linkabisa

Madzulo amenewo ndinaganizira za miyezi inayi ija. Kuthira oyilo tsiku ndi tsiku ndinkakuona ngati kusamala galimoto. Koma panali masiku ena omwe ndikaima pamalo ndinkamva kafungo ka chinthu chopsa, n'kumati mwina ndi galimoto ya mnzanga wapafupi. Anali oyilo wanga yemwe, akudonthera pafupi ndi ekizozi. Oyilo ameneyu amayaka akagwera pachitsulo chotentha kwambiri. Paipi yomwe yayamba kuchucha pamalo ofinyidwa imathanso kuphulika nthawi ina iliyonse, oyilo yense n'kutha m'kanthawi kochepa. Chiwongolero chimagwirabe ntchito, koma chimalemera mwadzidzidzi, ndipo zikakuchitikira uli pakona, ana ali kumbuyo, si nkhani yaing'ono. Oyiloyo akagwera pa lamba, lamba amaterera ndipo labala wake amawonongeka. Pampu nayo ikamayenda ndi mpweya imadyeka, moti ndikanapitiriza ndikanapha pampu yatsopanoyo ndi manja anga.

Kuthira n'kwabwino kuti ukafike kunyumba kapena ku garaja. Kupitirira pamenepo ndimakuona ngati kudzinamiza.

Ndinafunsanso malume za mankhwala aja othira m'kathanki, omwe amati amatseka pochucha. Anati amagwira ntchito potupitsa labala wa ma seal, choncho pa seal yomwe yangouma pang'ono amatha kuchepetsa kudontha kwa kanthawi. Pa paipi yong'aluka alibe chochita.

## Kumasula ndi kumanga

Ine ndinaganiza zomanga kilampu yamphamvu pamalo ochuchawo. Malume anakana kwamtuwagalu. Kilampu ndi ya paipi yobwerera, yomwe ilibe mphamvu, ndipo ngakhale imeneyo imafuna labala wopangidwira oyilo, chifukwa paipi ya madzi imafewa n'kutupa. Paipi yolimba imasinthidwa yonse, kapena kuitengera kwa omwe ali ndi makina ofinyira mapaipi a hydraulic kuti akaike labala watsopano. Tinagula yatsopano, titatenga yakaleyo kuti tikayerekeze mapindikidwe ndi mazinga ake.

Ntchito yeniyeniyo sinatenge nthawi. Tinayamwa oyilo wa m'kathanki ndi sirinji yaikulu, n'kutchera beseni kunsi. Mbali ya pampu, paipi yanga imamangidwa ndi bawuti yobooka pakati, yomwe amati banjo, yokhala ndi mawasha awiri amkuwa, wina pamwamba wina pansi. Mawasha amenewa amaphwanyika pang'ono pomanga, n'kumene kumatseka mpata, ndiye akamasulidwa sabwezeredwanso. Tinaika atsopano. Mbali ya rack kuli nati yomwe imafuna sipanala yapadera, yozungulira pafupifupi mbali zonse koma yokhala ndi kampata kolowetsera paipi. Sipanala wamba imatha kuidya makona, ndipo ikatero ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse.

Pomanga, malume anandiuza ndiyambe ndi zala zokha.

"Izungulire kangapo popanda sipanala. Ikakana usaikakamize, bwerera uyambirenso. Thupi la rack imeneyi ndi aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka."

Tinabwezeranso tizitsulo tonse tomangirira paipi m'malo mwake, kuti isakhuzane ndi chilichonse kapena kuyandikira ekizozi.

Pa oyilo sitinachite zongoganizira. Chivindikiro changa chinalembedwa kuti ATF Dexron, oyilo wofiira yemwe amathiridwanso m'magiyabokosi a otomatiki, ndipo magalimoto ambiri akale a Toyota amafuna ameneyu. A Honda amafuna oyilo wawowawo. Magalimoto ambiri a ku Europe amafuna wobiriwira uja wotchedwa CHF 11S. Kuyang'ana mtundu kokha sikokwanira, chofunika n'kuwerenga chivindikiro kapena buku la galimoto. Ndipo oyilo wa mabuleki sayenera kulowa m'kathanki kameneka ngakhale dontho, amawononga ma seal. Magalimoto ambiri atsopano alibe n'komwe kathanki kameneka chifukwa chiwongolero chake chimathandizidwa ndi mota yamagetsi, moti dontho lofiira pansi pa galimoto yotero limalozera kwina, kawirikawiri ku giyabokosi.

Chomaliza chinali kuchotsa mpweya. Tinakwezanso matayala akutsogolo. Injini ili yozima, ndinakhotetsa chiwongolero pang'onopang'ono kuchoka kumapeto ena kufika kumapeto ena, maulendo pafupifupi 20, malume akuyang'anira kathanki. Timathovu tinkabwera pamwamba, oyilo n'kumatsika, iwo n'kumawonjezera. Timathovu titasiya ndinaliza injini kwa kamphindi n'kuzimitsa. Oyilo anatsikanso pang'ono ndipo anachita thovu lopyapyala. Ine mtima unali utathamanga kale, ndinkafuna ndiione ikuyenda, koma anati tidikire. Tinakhala pafupifupi mphindi 30 mpaka oyilo anayera, n'kubwerezanso. Ulendo uno nditaliza n'kukhotetsa, kunangomveka injini yokha.

Tinatsukanso pomwe oyilo anatayikira pomasula, tinawaza pawuda pa mfundo ziwiri zatsopanozo, ndipo ndinakhotetsa mpaka kumapeto mbali zonse. Pawuda anakhalabe woyera.

## Pampu yakale ija

Asananyamuke, malume anafunsa ngati pampu yakale ndinaisunga. Inali m'katoni. Anaitenga, anazunguza pule ndi dzanja, anaikankha uku ndi uku kuti amve ngati shafiti ikugwedera, n'kuyang'ana kuseri kwa pule. Inkazungulira mosalala, ndipo pa seal panali pouma.

"Tseka mabowo ake ndi kansalu koyera, uikulunge bwino. Idzakuthandiza tsiku lina."

Sananene zambiri kuposa pamenepo, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Kwa sabata yathunthu ndinkayala katoni yoyera kunsi kwa injini usiku uliwonse, n'kuiyang'ana m'mawa. Oyilo m'kathanki sanasunthe pamzere. Dontho lofiira silinabwerenso. Koma m'mawa wa tsiku lachisanu ndinapeza kadontho kena chakumbuyo pang'ono, kakuda bii, konunkha oyilo wa injini. Nditaunika kunsi ndinaona kakulendewera pa bawuti yokhuthulira oyilo, ndipo maganizo oyamba anali oti ndikagule washa wa bawutiyo.

Ndinatenga ndowa ndi burashi, ndinatsuka mbali yonseyo kuyambira pamwamba pa injini mpaka pansi, ndinadikira kuti paume, n'kuwaza pawuda. Nditayenda nayo pang'ono n'kubwerera, bawuti ija inali youma. Kamzere kakuda kanayambira kumtunda kwenikweni, pakona yakumbuyo ya chivindikiro cha mavalavu, pomwe gasiketi inali itauma.